Ufa wa ku Ndola ndi Kambale ka Mchere

Iwe Tisa, paketiyo ika kaye pawindo. Sindinati uitaye, ndati uike pawindo. Nawe Dalitso, foniyo itembenuze, zimene ndikufuna kunena mulibe m'menemo. Mwabwera kuno ku Ndeke Lamulungu masana dzuwa lili pamutu, osati kudzaona ngati agogo anu ndikupumabe ayi, koma kudzafunsa kuti malemu agogo anu aakazi ankausungunula bwanji ufawu, masupuni angati, madzi ofunda motani. Mukuti amayi anu, mwana wanga Filo, mimba yawatupa mwezi wachitatu uno, kuchimbudzi akupitako movutikira, ndipo za chipatala sakufuna kuzimva. Ndiye mwakumbuka kuti m'banja muno tili ndi mankhwala athu otchuka, ufa wa Amwenye umene unkathandiza agogo. Amene anakuuzani zimenezo ndi ine ndemwe, ndikudziwa. Ndakhala ndikuikamba nkhaniyi mokhota zaka zonsezi, koma lero sindingathenso, chifukwa tsopano mimba yotupayo ndi ya mwana wanga.

Khalani pansi. Mpando umenewo ndi wothyoka mwendo, Dalitso, tenga wina.

Ine ndinabwera ku Kitwe kuno kuchokera ku Katete ndili mnyamata, ndi sutikesi ya malata ndi Chingerezi cha kusukulu ya mishoni. Inu mukamapita kumudzi mumakwera basi yokhala ndi kanema, n'kumadandaula kuti mipando ndi yolimba. Ife tinkagona panjira, fumbi mpaka m'makutu, kutsika n'kukankha basi pamapiri a ku Luangwa, kufika ku Lusaka n'kudikiranso sitima. Chingerezicho ndicho chinandipulumutsa kulowa pansi. Anzanga ankatsikira mumgodi, ine anandiika m'chipinda cha nyali, mmene wantchito aliyense ankatenga nyali yake ya pachipewa n'kusiya nambala. Ndinkalemba wochedwa, ndinkalemba woswa nyali, ndipo mzungu akafuna kukalipira munthu ankaitana ine kuti ndimasulire. Ndinali ndi matama, inu ana. Cholembera ndinkachikoleka pathumba la malaya ngakhale popita ku Misa.

Agogo anu aakazi ndinakawatenga kumudzi patapita zaka zitatu. Anakakamira kubwera ndi mtondo ndi musi wake, ine ndikuwauza kuti kumgodi ufa amachita kupereka wogayagaya. Tinakangana ndi kondakitala pa mtondo umenewo kuyambira ku Katete mpaka ku Nyimba, iwo akungoyang'ana panja pawindo, ndipo mtondo unafika. Dzina lawo laubatizo linali Anasitaziya, koma chibadwire Filo sindinawaitanenso dzina limenelo. Anali amake Filo basi, ine n'kukhala atate a Filo. Sanali munthu wonena chinthu mwachindunji. Shuga akatha, chitini chopanda kanthu ndinkachipeza pampando wanga. Nsapato ya mwana ikang'ambika, ndinkaipeza itakhala pamwamba pa nyuzipepala. Ndipo ndinkamva, sindinaphonyepo. Ndinkanyadira kwa anzanga kuti m'nyumba mwanga simumveka phokoso, timamvana ndi maso.

Tinkakhala ku Wusakile, nyumba ya mgodi ya zipinda ziwiri. Zimbudzi zinali za gulu, kumapeto kwa mzere wa nyumba, ndiye mimba ya munthu sinali chinsinsi. Ukakhalitsamo anthu ankagogoda, "Mukwai, mwagonamo?" Ndipo tinkakhalitsadi. Kumudzi tinazolowera mgaiwa, therere ndi mapapaya, zinthu zoyenda zokha. Kuno kuntchito ankatipatsa chibanzi chachikulu chotchedwa kampompo, cholimba moti ukachidya Lolemba osamwera madzi chinkakhala m'mimba mpaka Lachitatu. Mankhwala ake anali mafuta a nsatsi a m'botolo. Loweruka lakumapeto kwa mwezi amayi onse a mumzere wathu ankafoletsa ana, kuwatsina mphuno, supuni kukhosi, kenako chidutswa cha lalanje. Amayi anu, amene lero amayenda ndi makiyi a ofesi ku Parklands, ankathawira pansi pa bedi, tinkachita kuwakoka mwendo.

Tsono chilankhulo chathuchi chili ndi msampha. Munthu amene wadya mopanda ulemu paukwati timati wadzimbidwa. Munthu amene matumbo ake atsekeka chifukwa cha matenda timatinso wadzimbidwa. Mawu ndi amodzimodzi, ndiye wodwala akangowatchula anthu amayamba ndi kuseka, "Munadya chiyani osatigawira?" Ine ndinali katswiri pa nthabwala imeneyo.

Pali chinanso chimene inu simukuchidziwa, chifukwa munabadwira m'nyumba zokhala ndi kabotolo ka mchere patebulo. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Akuluakulu ankati akathira, odyawo amadwala mdulo, kutupa miyendo ndi kutsokomola. Ansembe ankalalikira kuti zimenezo n'zachikunja, agogo anu ankavomera Ameni m'tchalitchi, koma kunyumba ankachitabe. Masiku amenewo akafika ankaitana mwana wamng'ono kuti athire, ndipo ana akakhala kusukulu ankabweretsa ndiwo zosakolera, mchere uli pakambale pambali. Sitinakambiranepo n'kamodzi komwe. Ndikaona kambaleko ndinkadziwa, n'kuthira ndekha, masiku anayi kapena asanu, kambale n'kubwerera m'kabati. Umo ndi mmene mwamuna ankauzidwira za magazi m'nyumba mwake, popanda wina kutsegula pakamwa. Zaka zitapita, ana asanu atabadwa n'kukula, kambale kaja kanasiya kutuluka. Ndinadziwa kuti amake Filo akula, asiya, ndipo zimenezonso sitinakambirane.

Migodi itasintha eni, ambiri tinauzidwa kuti tikapume. Ndinabweza makiyi a chipinda cha nyali, ndipo khadi langa la kuchipatala cha mgodi linasanduka pepala wamba. Tinasamukira kuno. Amene anagwira banja ndi agogo anu, ndi makina awo osokera opalasa ndi mapazi, aja mumaikapo maluwa a pulasitiki kwa amayi anu aja. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde la sitolo ina pamsika wa Ndeke, kusoka mayunifomu a sukulu ndi kuika zigamba. Ine ndinkatsala pano kuwerenga nyuzipepala ya dzulo, cholembera chili pathumba. Mwamuna amene anazolowera kuti anthu aziima pamzere kutsogolo kwake, ukamuchotsera mzerewo amasanduka chinthu choipa m'nyumba. Ndinkakangana ndi mbaula, ndinkakangana ndi nkhuku za eni.

Ndi nthawi imeneyo anayamba kudandaula. "Atate a Filo, ine ndadzimbidwa, lero ndi tsiku lachinayi." Ine ndinati, "Ndiye mumadya chikanda nokha kumsika osandibweretserako?" Anaseka. Agogo anu ankaseka chilichonse chimene ndanena, ndipo ine ndinkayesa kuti ndine wanthabwala.

Tsiku lina lamba wa makina anaduka, ndipo wa mtundu umenewo ankapezeka ku Ndola kokha. Ananditumako. Ndinavala jekete ndi tayi ngati ndaitanidwa kumsonkhano, kukagula lamba. Sitoloyo inali ya Mmwenye wina wokalamba, yamdima mkati, mbali ina nsalu, singano ndi malamba, mbali ina mabotolo a zokometsera ndiwo, fungo lake lomveka uli pamsewu. Mkuluyo Chibemba ankachidziwa kuposa ine, koma ndinamulowera m'Chingerezi kuti adziwe kuti akulankhula ndi kalaliki. Akundimangira lamba ndinatchula za mimba ya mkazi wanga, mongocheza. Anatsitsa chitini, n'kundionetsa ufa wofiirira ngati dothi la pachulu. Anati kwawo amautcha tirifala, zipatso zitatu zouma zosinjidwa pamodzi, ndipo makolo ake ankaumwa ali ku India. Theka la kasupuni ka tiyi m'madzi ofunda, madzulo munthu akatha kudya. Muyeso umene mwadzera uja ndi umenewo, mwaumva. Koma mverani zimene ananena pambuyo pake, chifukwa zimenezi sindinauzepo munthu.

Anandifunsa zaka za mkazi wanga. Nditamuuza, anasiya kumanga paketi. Anati, "Bambo, ufa uwu umatsegula njira basi, suchiza chimene chatseka njirayo. Apatseni masabata awiri. Mimba ikapanda kuphwa, kapena akayamba kuonda, kapena akaona magazi kulikonse, musabwerenso kwa ine, mupite nawo kwa dokotala." Ananena kawiri, kachiwiriko m'Chibemba, ngati akukayikira Chingerezi changa. Zimenezo zinandipweteka kuposa uthengawo. Ndinati yesi, yesi, n'kutuluka.

Mawu a theka la supuni anafika ku Kitwe. Mawu a dokotala ndinawasiya m'minibasi. Mukufuna kudziwa chifukwa chake? Kupita kwa dokotala kunkatanthauza kukakhala pabenchi la kiliniki kuyambira sikisi koloko, phewa ndi phewa ndi anthu omwe aja ndinkawalemba kuti achedwa. Ndiponso ndinali nditatha chaka ndisanabweretse kanthu m'nyumba muno. Tsiku limenelo ndinkafuna kulowa pakhomo ndi chinthu m'manja, n'kunena kuti ndakupezerani mankhwala.

Ufawo unagwira ntchito, ndisaunamizire. Kukoma ayi, umawawa, umawawasa, n'kukuumitsa m'kamwa ngati nthochi yaiwisi, agogo anu ankamwa atatsinzina. Koma tsiku lachiwiri m'mawa anachokera kuseri akumwetulira, n'kunena kuti, "Atate a Filo, Mmwenye wanu uja ndi mfiti." Ine chifuwa chinakula. Mbiri inafika kumphakati wathu wa tchalitchi, anthu n'kuyamba kubwera ndi timapepala kuti ndiwapatseko pang'ono. Anayamba kunditchula "ba dokota". Mzere wanga uja unabwerera, pakhomo pano, ine cholembera m'manja kulembera anthu muyeso. Ndipo ambiri anathandizidwadi, chifukwa kwawoko kunali kudzimbidwa wamba, kwa mabanzi ndi kusamwa madzi. Ku Ndola ndinkapita mwezi ndi mwezi, koma ndinkagula pasitolo ina, kuopa kuti mkulu uja angandifunse kuti amayi ali bwanji.

Masabata awiri anasanduka miyezi. Theka linasanduka supuni yathunthu, kenako ziwiri, ndipo wowonjezera muyesoyo ndinali ine. Kuchimbudzi ankapita, koma mimba sinaphwe. Ankadya mbamu ziwiri n'kusamba m'manja, akuti akhuta. Tsiku lina ndinadutsa pamsika n'kuwapeza akusoka diresi lawo la yunifomu ya amayi a tchalitchi, akulikulitsa m'chiuno, akulichepetsa m'mapewa. Diresi limodzi lomwelo. Ndinaima n'kuona ndi maso angawa, ndiye ndinafunsa kuti makiyi a kabati aika pati.

Unali mwezi wa Juni, kozizira, tsiku Lachiwiri. Anachoka kumsika masana kudzandiphikira monga mwa masiku onse, kapenta ndi repu. Nditalawa ndinamva kuti mchere mulibe. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe, ndipo ndi pomwe ndinakaona kambale kaja, kali pambali pa mbale yanga, kamchere kali pakati. Panali patapita zaka zisanu ndi zitatu ndisanakaone. Agogo anu sankandiyang'ana ndikamadya, anaphunzitsidwa choncho. Tsiku limenelo anakhala pakampando ka pakhomo, manja pamiyendo, akundiyang'ana m'maso.

Ndinamva, inu ana. Musadzanene kuti agogo sanamve. Munthu amene ndinkamva chitini cha shuga ndikanalephera kumva kambale? Mkazi wanga ankandiuza, m'njira yokhayo imene ankaidziwa, kuti akutaya magazi, iwo amene anasiya kalekale. Ndipo mawu a Mmwenye uja ndinawakumbuka onse, a Chingerezi ndi a Chibemba omwe. Ndiye mukudziwa chimene ndinanena? Ndinati, "Amake Filo, ufa wa ku Ndola wakubwezerani utsikana? Tiyambe kufuna dzina la mwana wachisanu ndi chimodzi?"

Anaika dzanja pakamwa n'kuseka pang'ono, kenako anati, "Kaya, adokotala ndinu." Ndinatsina mchere, ndinathira, ndinadya n'kumaliza.

Kambale kanakhala masiku asanu n'kuchoka, ine mtima unakhala pansi. Patapita sabata imodzi kanabweranso. Kenako kanasiya kuchoka. Ndi mwezi wanji umene umatha miyezi seveni? Ndinkadziwa kuti kulibe. Koma tsiku lililonse ndinkati ndifunsa mawa, ndipo mawalo likafika ndinkaona ngati lero akuoneka bwinoko. Ndinkaopa, ndiwo mawu ake. Ndinkaopa kuti ndikafunsa andiyankha, ndipo akandiyankha ndiye kuti udokotala wanga watha, tipita kukamva chinthu chimene sindinkafuna kumva.

Pa Khirisimasi amayi anu anabwera nanu kuno. Iwe Tisa unali ndi zaka zinayi, Dalitso ali kumsana. Agogo anu pophika nkhuku anakuitana iwe, n'kukuthira mchere m'kadzanja kuti uponye mumphika. Amayi ako anaseka kuti agogo ayamba kuphunzitsa mwana kuphika asanayambe sukulu. Wobadwira ku Wusakile, akanaganiza chiyani? Koma kuonda anakuona. Ananditengera pambali n'kundifunsa, "Atate, amayi akudwala?" Ndinamuyankha kuti ali pa mankhwala, ndikuyang'anira ine. Anakhulupirira, chifukwa atate ake anali munthu wa cholembera.

Choipitsitsa sindinanene. Kumowa ndinakambako. Ndinauza amuna anzanga kuti ufa wanga umabweza nkhalamba kukhala namwali, iwo n'kumagubuduka ndi phwete, kundigulira mowa kuti ndiwapatseko. Magazi a mkazi wanga ndinawasandutsa nthabwala ya kumowa. Ndikakumbuka zimenezo ndimadzida, mpaka lero lino.

Iwe Dalitso usayang'ane kudenga, sindinamalize.

Anagwa mu Januwale, sabata yotsegulira sukulu, pamene ntchito ya mayunifomu imachuluka. Akuti anangosiya kupalasa n'kutsamira makina, kenako pansi. Amayi a pamsika ndi amene anawanyamula kupita nawo kuchipatala, ine anachita kunditumizira uthenga. Benchi lija ndinkaliopa ndinakhalapo tsiku limenelo, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandiyang'ana. Aliyense anali ndi wodwala wake.

Atawajambula ndi kuwayeza masiku angapo, anatiitana. Dokotala anali mayi wachitsikana, msinkhu wako Tisa, wolankhula Chibemba ndi Chingerezi. Agogo anu Chibemba cha pamsika ankachidziwa, koma nkhani zikuluzikulu ankafuna kuzimva m'Chinyanja, ndiye womasulira ndinali ine. Dokotala anati muli chotupa m'chiberekero, chakula, chikukanikiza matumbo, n'chifukwa chake ankadzimbidwa, ndipo chafalikira. Ndinamasulira. Anafunsa kuti magazi anayamba liti. Agogo anu anati Juni. Dokotala anaika cholembera pansi. Anati tikanabwera nthawi imeneyo mwina akanatha kuchichotsa, mwina, sanalonjeze. Kenako anafunsa, mofatsa ndithu, kuti nanga bwanji sanauze munthu.

Ndinatembenuka n'kumasulira, "Akuti bwanji simunauze munthu?"

Agogo anu anati, "Auzeni kuti ndinakuuzani."

Ine, pamaso pa dokotala, ndinayesa kudabwa. "Munandiuza liti, amake Filo?"

Anati, "Nanga mchere ankathira ndani?"

Sanakweze mawu. Dokotala ankandiyang'ana, akudikira kuti ndimasulire. Ndiye ine, kalaliki wa m'chipinda cha nyali, amene sindinakhotetsepo liwu la mzungu, ndinauza dokotala m'Chingerezi kuti akuti ankachita manyazi. Dokotala anagwedeza mutu, anati amayi ambiri a msinkhu umenewu amatero, n'kulemba. Agogo anu Chingerezi sankalankhula, koma liwu limenelo ankalidziwa, ankalimva kwa ana awo. Anandiyang'ana kamodzi, kenako anayamba kukonza chitenje chawo.

Anakhala nafe mpaka mvula itatha. Nkhaniyo sanaitchulenso. Ndinkafuna andikalipire, anditukwane, aitane alongo awo ku Katete adzandizenge mlandu, mwina ndikanapepukidwa. Iwo ankangoti zikomo ndikawatembenuza pabedi, zikomo ndikawapatsa madzi. Pamaliro anthu ankafunsa kuti zinatheka bwanji matenda kufika pamenepo m'nyumba ya munthu wophunzira. Ndinkayankha kuti paja manyazi anapha lambe, malemuwa sankanena. Amayi anu anakhulupirira, ndipo nonse munakulira pa mawu amenewo, oti agogo anali amanyazi koma ufa unkawathandiza. Anthu ankandipepesa ine. Chipepesocho ndinachilandira ndi manja awiri.

Patapita mwezi ndinakwera minibasi kupita ku Ndola, ndili ndi mkwiyo, kufuna munthu womutukwana. Njira yonse ndinkakonza mawu a Chingerezi oti ndikamuuze Mmwenye uja kuti ufa wake wandiphera mkazi. Nditangolowa anandizindikira, nkhalamba ija. Anati, "Aa, bambo wa lamba wa makina. Amayi aja munapita nawo kwa dokotala?" Mawu onse ndinakonza aja anauluka. Ndinati yesi. Sindinaname, tinapitadi. Ndinagula singano zimene panalibenso wozisokera, n'kutuluka.

Tsono lero mwandibweretsera paketi yonyezimira, yolembedwa bwino, yogula m'sitolo ya magalasi. Ufawo ulibe mlandu, ndanena kale. Iwe Dalitso ukadya mabanzi ako aja n'kutsekeka, imwa, uthandizidwa. Koma Filo ali ndi zaka zimene amake anali nazo nthawi ija, ndipo miyezi itatu si masabata awiri. Ine sindingamufunse. Bambo safunsa mwana wake wamkazi zoterozo, pakamwa panga sizingatuluke, ngakhale lero lino nditaona zonsezi. Nayenso sangandiuze, ndi mwana wa amake. Mumatiseka ife akale kuti tinkalankhula ndi timbale. Chabwino, inali njira yosakwanira, yodalira kuti wolandira uthengayo akhale munthu. Koma inu muli ndi njira yanji? Mumadya aliyense payekha, zogula m'mapepala, mchere wothiriratu. Munthu akadwala mumafunsa foni, foni n'kukuuzani za ufa. Amayi anu atafuna kukuuzani chinthu popanda kuchitchula, angaike chiyani patebulo?

Ndiye ntchitoyi ndi yako Tisa, ndiwe wamkulu, ndiwe mkazi mnzawo. Upite, utseke chitseko, uwafunse ndi pakamwa. Usati amayi muli bwanji, akuyankha kuti ndili bwino. Utchule liwu lenilenilo, ufunse ngati akuona magazi.

Wayang'ana pansi bwanji? Tisa, ndikulankhula ndi iwe.

Bwereza, makutu angawa ndi akale. Amayi ako akhala akukutuma mapadi, ovala akazi akakhala kumwezi. Kuyambira liti? Disembala. Ndipo anakuuza kuti ndi opereka kwa atsikana a kutchalitchi, koma paketi unaiona yotsegula m'chipinda mwawo. Iwe unati chiyani? Unaseka. Unati amayi mwayambiranso.

Usalire, mwana wanga, ino si nthawi yake. Ine ndinadya miyezi seveni, iwe wangotaya itatu, ndipo wanena wekha popanda wokufinya. Pukuta m'maso. Dalitso, thamangira pamsewu ukaimitse takisi. Musawaimbire amayi anu, akonzeratu mawu, tikangofika basi. Akakana ndikagwada pakhomo pake, ine atate ake, aneba a ku Parklands aone, manyazi amenewo ndiwo andiyenera. Ndipatseni nsapato, zili kuseri kwa chitseko.

Kuchipatalako ukalowe nawo iweyo Tisa, ndipo dokotala akafunsa, ukawasiye ayankhe okha. Ine mukandisiye panja pabenchi. Sindimasuliranso mawu a munthu wodwala.